Nkhokwe ya zikopa yomwe inamangidwa kuti izigwedera

Kumpoto kwa chigawo cha Manitoba m'dziko la Canada, pafupi ndi pomwe mtsinje wa Hayes umathira m'nyanja ya Hudson Bay, kuli chinyumba chamatabwa chopakidwa utoto woyera, chitaima pa dambo. Msewu wopita kumeneko kulibe. Munthu amafikako pa boti kuchokera cha ku Gillam kapena pa ndege yaing'ono, ndipo akatsika sayenda mwachisawawa chifukwa zimbalangondo zoyera zimadutsa pabwalo pomwepo. Tauni ya Churchill ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200. Nyumbayi amaitcha Depot, ndipo malo onsewo ndi York Factory.

Dzinali lisakusokonezeni. Pamalopa panalibe fakitale yopanga chinthu chilichonse. Kale, mkulu woyendetsa malonda a kampani kudziko lakutali Azungu ankamutcha factor, choncho pokhala pake ndi posungira katundu wake pankatchedwa factory. Eni dera, anthu a mtundu wa Cree, anali ndi dzina lawolawo: Kihci-wâskâhikan, kutanthauza nyumba yaikulu.

Funso ndi lakuti, munthu wanzeru zake angamange bwanji nkhokwe yaikulu chonchi pamalo pomwe chimanga sichimera, nthaka ya pansi siisungunuka chaka chonse, ndipo sitima yapamadzi imatha kufika kwa milungu yochepa chabe pa chaka? Yankho lake likuyambira pa chipewa.

Ku North America kuli kanyama ka m'madzi kotchedwa beaver. Maonekedwe ake akuyandikira katumbu, koma nkonenepa, mchira wake ndi wophwatalala ngati nkhafi, ndipo kamadula mitengo ndi mano n'kutseka mitsinje. Pansi pa ubweya wake wautali pali ubweya wina wofewa, womwe tsitsi lake lili ndi timinga ting'onoting'ono. Ubweya umenewu ukametedwa, kunyowetsedwa, kutenthetsedwa ndi kupsinjidwa, timinga tija timakolanakolana n'kupanga nsalu yolimba yosalowa madzi. Ndi nsalu imeneyi yomwe ankapangira zipewa za anthu olemera ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700. Kwawoko anali atasaka nyamayi mpaka kutsala pang'ono kuitheratu, ndiye maso onse anatembenukira kutsidya kwa nyanja.

Chomwe chimandisangalatsa pa nkhaniyi ndi chakuti chikopa chomwe opanga zipewa ankachifuna kwambiri poyamba chinali chakale, chovalidwa kale. A Cree ankasoka zikopa zingapo n'kupanga chofunda, ubweya ukuyang'ana m'kati. Akavala kwa chaka kapena kupitirira, ubweya wautali uja unkathothoka wokha, wofewa uja n'kutsala, utafeweratu ndi thukuta ndi mafuta a m'thupi. Munthu ankagulitsa chovala chomwe wachitopa nacho n'kulandira nkhwangwa yachitsulo. Mbali zonse ziwiri zinkaona kuti zapindula, ndipo kunena zoona zinkapinduladi, makamaka m'zaka zoyambirirazo.

Afalansa awiri, Pierre-Esprit Radisson ndi mlamu wake Médard des Groseilliers, ndiwo anazindikira kuti zikopa zabwino koposa zimachokera kumpoto kozizira, ndipo kuti njira yachidule yokazitengera ndi ya panyanja ya Hudson Bay. Akuluakulu a kwawo atawanyalanyaza, anapita nalo ganizoli ku England. Mu 1668 kasitima kotchedwa Nonsuch kanapita kukayesa, n'kubwerako chaka chotsatira katadzaza zikopa. Pa 2 May 1670 Mfumu Charles II inasaina chikalata chokhazikitsa Hudson's Bay Company, n'kuipatsa ufulu wochita malonda yokha m'dera lonse lomwe mitsinje yake imathira mu Hudson Bay. Derali analitcha Rupert's Land, potengera dzina la Prince Rupert, msuweni wa mfumuyo, yemwe anali bwanamkubwa woyamba wa kampaniyo. Kukula kwake kunaposa gawo limodzi mwa magawo atatu a Canada wa lero. Mfumuyo inali isanapondeko phazi, ndipo eni ake, omwe anakhalako zaka zikwizikwi, palibe anawafunsa.

York Factory inakhazikitsidwa mu 1684. Malowo anasankhidwa chifukwa mitsinje iwiri, Hayes ndi Nelson, imathira moyandikana pamenepo, ndipo kudzera m'mitsinjeyi bwato linkatha kulowa mpaka m'katikati mwa dziko. Afalansa nawo anadziwa zimenezi, ndiye analandana malowa kangapo. Mu 1697 Pierre Le Moyne d'Iberville, ali ndi sitima imodzi yotchedwa Pélican, analimbana ndi sitima zitatu za Angelezi, n'kumiza imodzi, kugwira ina, kenako n'kulanda York. Afalansa anakhalapo mpaka pangano la Utrecht la mu 1713 litabwezera malowo kwa Angelezi. Mu 1782 anabweranso, motsogozedwa ndi La Pérouse, n'kuwotcha zonse. Za nkhondozi tisataye nazo nthawi, chifukwa chomwe chinkasunga malowa ndi zomwe zinkachitika pa zenera la malonda.

Kwa zaka pafupifupi 100 zoyambirira, anthu a kampani sankalowa m'kati mwa dziko kukagula zikopa. Ankakhala m'mphepete mwa nyanja n'kumadikira. Madzi oundana akasweka m'mitsinje, magulu a mabwato a makungwa a a Cree ndi a Assiniboine ankatsika, ena atayenda milungu yambiri. Ambiri mwa iwo anali amalonda enieni: ankagula zikopa kwa mitundu ya kutali, n'kudzagulitsa ku York, kenako n'kubwerera ndi mipeni, miphika ndi mfuti zokagulitsa pa mtengo wokwera. Akafika malonda sankayamba msangamsanga. Ankawomba mfuti m'mwamba popereka moni, mtsogoleri wa gulu ankavekedwa jekete ndi chipewa ngati ulemu, ankapatsana mphatso, n'kusuta kaliwo wa mtendere limodzi ndi mkulu wa kampani. Mwambowu unali wa eni dziko. Angelezi anachita kuuphunzira, chifukwa kwa a Cree munthu suchita naye malonda usanapange naye ubale.

Ndalama kunalibe. Muyeso wa chilichonse unali chikopa chimodzi chabwino cha beaver wamkulu wophedwa m'nyengo yozizira, chomwe m'mabuku a kampani chinkalembedwa kuti Made Beaver. Zikopa za nyama zina ankaziwerengera pa muyeso womwewo, katundu wa ku Ulaya chimodzimodzi. Pa mitengo yovomerezeka ya ku York m'zaka za m'ma 1700, mfuti inali zikopa 14, bulangete zikopa 7, nkhwangwa chikopa chimodzi. Nthano yoti munthu ankaunjika zikopa mpaka mulu ufanane ndi kutalika kwa mfuti ndi yongopeka. Chinyengo chenicheni chinali chochenjera kuposa pamenepo: kalaliki ankachepetsa muyeso wa wonga, kufupikitsa nsalu poyeza, kapena kuthira madzi mu mowa. Phindu lapamwamba lotere linkalembedwa m'mabuku poyera, lili ndi dzina lake.

Koma ogulawo sanali ogona. Makalata ochoka ku York kupita ku London ali ndi madandaulo awo ambirimbiri: mfuti zomwe zinkaphulika kukazizira, mipeni yosalimba, miphika yolemera kwambiri pa ulendo wa pa bwato. Fodya ankafuna wa ku Brazil, wopota ngati chingwe, ndipo kampani inkachita kukamugula kudzera ku Lisbon chifukwa wina ankamukana. Akakwiya ankangonena kuti chaka chamawa apita kwa Afalansa, ndipo ankapitadi. Ngakhale mabulangete otchuka aja okhala ndi timizere m'mphepete tosonyeza kukula kwake, omwe kampani inayamba kuitanitsa ku Witney cha m'ma 1780, anafala chifukwa ogula anawakonda.

Pali mayi mmodzi yemwe sindingamudumphe. Dzina lake Thanadelthur, wa mtundu wa Dene. Anagwidwa ukapolo ndi a Cree, n'kuthawa, ndipo anafika ku York kumapeto kwa 1714 atatsala pang'ono kufa ndi njala. Mkulu wa pamalopo, James Knight, ankafuna kuti a Dene azibweretsa zikopa, koma iwo ankaopa a Cree omwe anali ndi mfuti. Mu 1715 mayiyu ananyamuka ndi gulu la a Cree pamodzi ndi wantchito wa kampani, William Stuart, kukafunafuna mtendere. Ulendo utavuta, njala ndi matenda zitabalalitsa gululo, iye anapitiriza yekha, n'kubwera ndi anthu a mtundu wake ochuluka, n'kuwalankhula mpaka mawu kusasa kuti agwirizane. Mtendere unapangidwa. Anamwalira ku York pa 5 February 1717, ndipo Knight analemba m'buku lake za chisoni chachikulu chomwe anali nacho. Njira ya malonda ya kumpoto inatsegulidwa ndi mayi ameneyu.

Tsopano tibwere pa nyumba yeniyeniyo. Malo omwe Depot yaima lero ndi achitatu. Awiri oyamba anali kumunsi pang'ono, ndipo onse mtsinje unawadya. Madzi osefukira atawononga malo achiwiri, mkulu wina dzina lake Joseph Colen anasamutsira zonse pamtunda mu 1788, n'kumanga linga looneka ngati nyenyezi, lomwe linadzatchedwa Old Octagon. Analimanga mwa nzeru za ku Ulaya, pa maziko ouma gwa a miyala ndi njerwa. Apa ndi pomwe nthaka inawaphunzitsa.

Kumeneko nthaka ya pansi ndi youndana chaka chonse, koma ya pamwamba imasungunuka m'chilimwe n'kukhala matope, kenako n'kuundananso kukazizira. Madzi akaundana amafufuma, ndiye nthaka imatukuka, ikasungunuka imatsika. Sizichitika mofanana paliponse: ngodya ina ya nyumba imakwera pomwe ina ikutsika. Khoma louma silingapirire zimenezi, limang'aluka. Patangopita zaka 40 Old Octagon inali itapindika ndi kuwola moti anaigwetsa. Zotsala zake zikadali pansi pa Depot, ndipo akatswiri ofukula zakale anazipeza m'zaka za m'ma 1990.

Ntchito yomanga Depot inayamba mu 1831 n'kutenga zaka zingapo. Amisiri ake, omwe ambiri ankadziwa kukhoma maboti, anasiya kulimbana ndi nthaka. Maziko anawapanga osaya, a mitengo yogoneka. Pansi pa nyumba, pomwe anthu amaponda, sanapakhomerere ku makoma, kuti nthaka ikatukuka matabwa a pansiwo akwere okha osakoka khoma. Mizati ndi mitanda anailumikiza mosiya mpata woti izisuntha, ndi timatabwa tosongoka tomwe ankatha kutikhoma kapena kutimasula nyumba ikapendekeka, ndiponso zogwiriziza zamatabwa zokhota ngati zomwe zimagwira nthiti za sitima. Kuzungulira bwalo anakumba ngalande zochotsa madzi. Mwachidule, anamanga sitima yoyandama pa matope. Mbali iliyonse ndi yotalika mamita pafupifupi 30, pakati pali bwalo losafolera, ndipo mbali ya kutsogolo, yoyang'ana kumtsinje, ili ndi nsanjika zitatu pakati pake. Lero ndiyo nyumba yamatabwa yakale kwambiri komanso yaikulu kwambiri mu Canada mwa zomwe zaima pa nthaka youndana yotere.

Chinthu china: m'nyumbamu sankasonkhamo moto. Katundu wa m'katimo anali wodula kwambiri moti sakanalola ngozi. Ogwira ntchito ankalongedza ndi kuwerenga katundu m'chisanu choopsa chomwecho. Kusasonkha motoko kunathandizanso nyumbayo, chifukwa kutentha kukanasungunula nthaka ya pansi pake.

Chifukwa chomangira nkhokwe yaikulu chonchi chinali mpikisano womwe unali utangotha. Amalonda a ku Montreal, omwe anadzapanga North West Company, sankadikira pagombe. Ankalowa m'kati n'kumagula zikopa zisanafike ku York. Hudson's Bay Company inakakamizika kuwatsatira, kuyambira ndi Cumberland House yomwe Samuel Hearne anatsegula mu 1774. Mpikisanowo unafika pokhetsa magazi, mowa unasefukira m'midzi, nyama zinatha m'madera ambiri, mpaka makampani awiriwo anaphatikizana mu 1821. George Simpson, yemwe anapatsidwa udindo woyang'anira chigawo cha kumpoto, anaona kuti njira ya Hudson Bay ndi yotsika mtengo kuposa ya ku Montreal. Kuyambira pamenepo pafupifupi katundu yense wolowa ndi zikopa zonse zotuluka m'dera lalikululi zinkadutsa pa khomo limodzi, la York Factory. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1800 panali nyumba zoposa 50: mogona makalaliki, mosulira zitsulo, mopangira migolo, mokhomera maboti, mosungira wonga, tchalitchi, chipatala.

Moyo wonse wa pamalopa unkazungulira sitima imodzi. Inkanyamuka ku London kumayambiriro kwa chilimwe cha kumeneko, n'kuima ku Stromness pa zilumba za Orkney kumpoto kwa Scotland kutunga madzi ndi kulemba antchito, n'kufika ku York cha mu August. Panali nthawi ina kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 pomwe antchito atatu mwa anayi alionse a kampaniyi anali a ku Orkney, anyamata osauka ozolowera mphepo ndi nyanja. Chifukwa cha kusaya kwa mtsinje, sitimayo inkaima patali, katundu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono. M'milungu yochepa ankayenera kutsitsa zonse, kukweza zikopa za chaka chonse, kuyankha makalata, sitima n'kuthawa madzi asanaundane. Ikalephera kufika, dera lonse likanakhala chaka chathunthu popanda wonga ndi ulusi wa maukonde, n'chifukwa chake mu Depot ankasungamo katundu wapadera wodikira tsoka lotere. Ukulu wa nyumbayi ukuchokeranso pa mantha amenewo.

M'nyengo yozizira katundu ankamumanga m'mitolo yolemera makilogalamu pafupifupi 41 uliwonse, yolembedwa chizindikiro cha komwe ikupita. Chilimwe chikafika mitoloyo inkakwezedwa m'maboti amatabwa otchedwa York boat, opalasidwa ndi nkhafi zazitali, kulowera ku Norway House, malo ena a kampani a m'kati mwa dziko, ndi kupitirira. Pa mathithi ndi pa miyala, amuna ankatsitsa katundu, kumusenza kumsana ndi lamba wokoleka pamphumi, mitolo iwiri nthawi imodzi, kenako n'kukoka boti lenilenilo pa mitengo yogubuduza. Malo otere pa njirayi analipo ochuluka. Amene anamvapo za amtengatenga omwe ankasenza katundu wa kampani ya Mandala podutsa mathithi a Shire aidziwa ntchito imeneyi, ndipo misana yomwe inkathyoka kumenekonso inali ya eni dziko: a Cree ndi a Métis, anthu ochokera m'maukwati a Azungu ndi eni dziko. Katundu wopita kumadera akutali ngati a mtsinje wa Mackenzie ankatenga zaka zingapo kuchokera pomwe waitanitsidwa kufika pomwe zikopa zogulidwa naye zagulitsidwa ku London.

Ndikayang'ana chithunzi cha nyumbayi, yoyera ndi yooneka mwaufumu, ndimaona kuti chimabisa anthu omwe anaichirikiza. Azungu a pa York sakanatha chaka chimodzi paokha. Mabanja a a Cree okhala chapafupi ndiwo ankawaphera atsekwe zikwizikwi pa nyengo yomwe mbalamezi zimadutsa, n'kuwathira mchere m'migolo. Ankabweretsa nyama ya caribou (yonga mbawala yaikulu ya kumadera ozizira) ndi nsomba, ankanyamula makalata pakati pa malo a kampani m'chisanu. Amayi ankasoka nsapato zachikopa, kuluka nsapato zotambalala zoyendera pa chipale chofewa, ndi kukonza zikopa zomwe. Popanda nsapato zimenezo munthu sakanatha ngakhale kukatola nkhuni. Akuluakulu a ku London poyamba ankaletsa antchito awo kukwatira akazi a kumeneko, koma lamulolo silinagwire, ndipo m'maukwati amenewa munabadwa mibadwo ya anthu omwe anadzakhala otanthauzira, opalasa maboti ndi makalaliki. Ena mwa amunawo anasamala mabanja awo mpaka imfa. Ena anawataya. Simpson mwiniwakeyo anasiya Margaret Taylor, mayi wa ana ake, n'kukakwatira msuweni wake Frances ku England mu 1830, ndipo khalidwe lakelo linapatsa mphamvu tsankho lomwe linayamba kukula pakati pa mabwana a kampani.

Njira zomwe zinkanyamula katundu zinkanyamulanso matenda. Nthomba ya mu 1781 ndi 1782 inapulula midzi ya a Cree m'kati mwa dziko, ndipo magulu ena a amalonda omwe ankatsika ku York chaka ndi chaka sanaonekenso.

Kutha kwa York Factory kunabwera pang'onopang'ono. Depot isanathe n'komwe kumangidwa, anthu olemera ku Ulaya anali atayamba kukonda zipewa za silika, mtengo wa beaver n'kutsika, ngakhale zikopa za nyama zina zinkagulidwabe. Kenako njanji za ku America zinayandikira, ndipo kuyambira 1859 sitima za nthunzi zinayamba kuyenda pa mtsinje wa Red. Katundu wochokera ku London anayamba kudzera ku St. Paul mu Minnesota, njira yotseguka miyezi yambiri. Nkhuni nazo pafupi ndi York zinali zitatha, ankachita kukazitenga kutali. Mu 1870 kampani inapereka Rupert's Land ku dziko latsopano la Canada n'kulandira mapaundi 300,000 pamodzi ndi malo ambiri achonde. Apanso eni dziko sanafunsidwe, ndipo ku Red River a Métis motsogozedwa ndi Louis Riel anadzuka kukana kugulitsidwa ngati katundu. M'zaka za m'ma 1870 likulu la chigawo linasamukira ku Fort Garry, komwe lero ndi mzinda wa Winnipeg. York inatsala ngati sitolo ya anthu a m'deralo, ndipo njanji itafika ku Churchill mu 1929 ngakhale ntchito yochepa yotsalayo inaphwa.

Mu 1957 kampani inatseka malowa, patatha zaka 273. Apa ndi pomwe nkhaniyi imandiwawa. Mabanja a a Cree a pa York, omwe makolo awo anadyetsa ndi kuveka anthu a kampani kwa mibadwomibadwo, anasamutsidwa ndi boma kupita kumtunda, ambiri ku York Landing m'mphepete mwa nyanja ya Split Lake, kutali ndi gombe lomwe ankalidziwa. Anasiya manda a makolo awo, tchalitchi chawo ndi malo awo osakako. Mpaka lero amadzitcha York Factory First Nation, ndipo amabwererako kukaona kwawo, akuluakulu akuonetsa adzukulu pomwe panali nyumba zawo.

Boma la Canada linali litalengeza kale mu 1936 kuti York Factory ndi malo a mbiri ya dziko, ndipo kuyambira 1968 ali m'manja mwa boma, pansi pa bungwe loyang'anira malo otere lomwe lero ndi Parks Canada. Mwa nyumba zoposa 50 zija, zatsala Depot, kanyumba kena kakang'ono, mabwinja a mosungira wonga ndi manda. M'kati mwa Depot, pa matabwa a makoma, mukuonekabe maina ndi zizindikiro zomwe antchito ankajoba ndi mipeni kapena kudinda ndi zitsulo zamoto. Pa matebulo ayalapo zinthu zotoledwa m'mphepete mwa mtsinje: misomali, zidutswa za mbale, akaliwo adothi, zipolopolo za mizinga. Kampani yomwe inamanga nyumbayi inasanduka ya masitolo akuluakulu a m'mizinda, ndipo mu 2025, itamira m'ngongole, inatseka masitolo ake onse a ku Canada patatha zaka 355.

Mtsinje wa Hayes ukupitiriza zomwe unachita ndi malo awiri oyamba aja. Chaka ndi chaka madzi oundana akamasweka amakumba gombe, ndipo nthaka youndana yomwe inkaligwira ikufewa pamene nyengo ikutentha. Zigumukire zimagwera m'madzi pamodzi ndi zomwe zinakwiririka m'menemo, ndipo mpata wa pakati pa khomo la Depot ndi phompho la mtsinje ukucheperachepera.